Katundu Wogula Sabwezedwa

Loweruka lina masana, Amayi atabwera kumsika kumene amagulitsa mabeseni ndi mapoto, anapeza mwana wawo wachisamba, yemwe ndi dokotala, atakwera pampando akulimbana ndi fulemu ya pakhoma. M'fulemumo munali tsamba loyamba la nkhani yake ya kafukufuku yomwe inatuluka m'magazini ya madokotala miyezi iwiri yapitayo, ndipo kuti ipeze malo Amayi anachita kusamutsa chithunzi cha ukwati wa mlongo wa dokotalayo n'kuchipititsa kukhonde.

"Tsika."

"Ndikungofuna kuichotsa, Amayi."

"Ndati tsika. Mpandowo ndi wa alendo, khomalo ndi langa."

Dokotala anatsika. Mwanayu chibadwire ndi wotero. Ukamuuza kuti dikira pano, umamupeza pomwepo mvula itamunyowetsa. Sukulu anaimaliza yonse mpaka kunalibenso kalasi yomuika, koma kunenerera mtengo wa tomato kunamukanika.

Amayi anaponya chikwama pasofa, nakhala pansi akudzisisita kunkhongo. Patebulo panali laputopu yotsegula, chingwe chake chitalumikizidwa kumagetsi.

"Yalakwa chiyani nkhani yanga?"

"Ndi yanga, Amayi, ndipo ndi yolakwika. Mukukumbukira zimene inanena?"

"Undifunse ine? Inati a bipi piritsi limodzi likwana, asamavutike ndi awiri. Unandiwerengera pompano utakhala apo."

"Eya. Dzulo ndikukonza mafayilo ndapeza kuti pepala lochokera kuchipatala china ndinalikopera mozondoka. Anthu makumi atatu amene ankamwa awiri ndinawaika mumzere wa omwa limodzi. Ndiye limodzi linaoneka lamphamvu, pamene ntchito ankagwira ndi awiri. Ndalemba kalata kwa mkonzi wa magazini kuti nkhaniyo ichotsedwe. Ndikuitumiza lero."

Amayi anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato.

"Wadandaula ndani?"

"Palibe."

"Waona ndani?"

"Ine."

"Iwe ndi ndani wina?"

"Ine ndekha."

"Ndiye tseka maso, nkhani yatha. Pabenchi panga pali chikwangwani, unalemba ndiwe uli mwana: katundu wogula sabwezedwa. Anagula, anapita. Unaonapo ine ndikuthamangira kasitomala kuti bwerera, potoyo ndi yopindika?"

"Sindinaonepo."

"Beseni likakhala ndi kamng'alu, ndimaikapo chala pomuonetsa munthu. Chala n'cha ntchito imeneyo."

"Nanga likakadontha kunyumba?"

"Kunyumba n'kwake."

Dokotala anakonza magalasi, nakokera laputopu pafupi. Amayi anaona chala chake chikuyenda, ndipo m'mutu mwawo munabwera Lolemba.

"Taima. Intavyu ija ndi ya liti?"

"Lolemba, teni koloko."

"Ntchito yophunzitsa kusukulu ya madokotala. Yomwe waidikira zaka zitatu."

"Zinayi."

"Ndipo akuitanira chiyani? Kukongola?"

"Nkhaniyi."

"Ndiye ukufuna kuphwanya mpando Loweruka, woti ukaukhalire Lolemba."

"Mpandowo ndi wothyoka kale, Amayi. Ine ndikungonena."

Amayi anawerama, nazula chingwe kukhoma, nachizulanso kulaputopu, n'kuchikulunga bwinobwino ngati chingwe choyanikira zovala. Anachiika m'chikwama, chikwamacho n'kuchikhalira.

"Amayi, batire yatsala pang'ono. Ndiyenera kumata matebulo a manambala okonzedwa pakalatayo, ndipo ali muno mokha."

"Ndiye tilankhule mwachangu. Anthu angati wati?"

"Makumi atatu."

"Bweza khumi ndi asanu. Khumi ndi asanu enawo akhale pomwe ali. Tikumane pakati."

"Si mtengo, Amayi. Munthu anamwa awiri kapena anamwa limodzi."

"Chabwino, makumi awiri. Ndakuwonjezera."

"Sizingatheke."

"Makumi awiri ndi asanu, ndipo apa ndikuluza."

"Onse makumi atatu ankamwa awiri."

"Iwe ukanakhala kasitomala wanga, bwenzi nditatseka benchi kalekale." Anadzisisitanso kunkhongo. "Ukundiwawitsa mutu."

"Wayamba liti?"

"Usandipime, tikukambirana."

Anadzuka, chikwama chili m'khwapa, nakaima pansi pa fulemu. Kuwerenga Chingerezi sankatha, koma mayina ankawadziwa mwa kutalika kwake, ndipo anawawerenga ndi chala pagalasi.

"Limodzi, awiri, atatu, anayi, asanu. Anthu asanu anadya nyama. Mbale atsuke mmodzi?"

"Ndawaimbira onse, chifukwa lamulo limati olemba onse adziwe. Atatu avomera."

"Wachinayi?"

"A Pulofesa anati, 'Wa kanyenyezi ndiwe,' kenako foni inaduka. Ndaimbanso kasanu."

"Mwaona. Munthu wophunzira zenizeni uyo. Amadziwa nthawi yoti foni iduke." Chala chinabwerera padzina loyamba, pomwe panali kanyenyezi kakang'ono pamwamba. "Koma apo anena zoona. Kanyenyezi ndi kako. Pa anthu asanu anapatsa iwe wekha. Msika wonse ukudziwa."

"Ukudziwa chiyani?"

"Kuti unawaposa onse. Ngati kusukulu, m'kope."

"Ayi, Amayi. Kanyenyeziko kakutanthauza kuti amene ali ndi funso kapena dandaulo alembere ine. Taonani m'munsimu, kabwerezedwa pamodzi ndi imelo yanga."

Amayi anachotsa chala pagalasi pang'onopang'ono.

"Ndiye si mphoto."

"Ayi."

"Ndi belu la pakhomo."

"Mukhoza kutero."

"Miyezi iwiri ndakhala ndikunyadira belu." Anapuma mozama. "Ndani anakusankha?"

"Ndinadzipereka."

"Ndinadziwa. Abambo ako enieni. Kumaliro kulikonse anali oyamba kugwira khasu." Anatembenuka. "Chabwino. Nena kuti ndi kompyuta inasokoneza. Kompyuta ilibe intavyu."

"Kompyuta inalemba zomwe ndinaiuza."

"Nena kuti ndi anamwino amene anakupatsa mapepala."

"Anamwino analemba bwino. Komanso mayina awo sali pamwamba. Ali kumapeto, pothokoza. Oyankha mlandu ndi apamwamba."

"Eti. Pamwamba pamenepo ine ndinafunsapo kale. Ndinakubereka, ndinakusambitsa, ndinakuthamangitsira kusukulu ndi silipasi m'manja. Dzina langa lili pati?"

"Pali mfundo zinayi, Amayi. Wolemba akhale woti anathandiza kupanga kafukufukuyo, analemba nawo nkhani, anavomereza isanatumizidwe, ndipo ali wokonzeka kuyankha chilichonse cholakwika."

"Ine ndinapanga wopanga kafukufuku."

Dokotala anaganiza kaye, chifukwa iyeyu funso lililonse amalipatsa ulemu.

"Zimenezo pafomu palibe. Ndikanatha kukuikani pothokoza."

"Kumapeto? Pamodzi ndi adalaivala?"

"Adalaivala ananyamula magazi miyezi isanu ndi umodzi."

"Ine ndinanyamula iwe miyezi isanu ndi inayi. Werengera wekha amene wapambana."

Laputopu inalira kamodzi. Pakona pake kabatire kanafiira. Amayi anamwetulira ngati munthu woona kasitomala akubwerera atazungulira msika wonse.

"Mkonzi wakoyo ali kuti? Ndikwera basi. Nkhani ngati izi zimatha anthu akuluakulu akakhala pansi."

"Ali kudziko lina. Sindinawaonepo."

"Sunamuonepo."

"Ayi. Timangolemberana."

"Ndiye ukukadzinenera kwa munthu woti mutakhala mpando umodzi m'basi sangakupatse ndi moni. Ndi mwamuna kapena mkazi?"

"Sindikudziwa. Amasaina ndi zilembo ziwiri."

"Ukuopa zilembo ziwiri."

"Sindikuopa, Amayi. Ndinasaina kuti ndikapeza cholakwika ndidzanena."

"Ine ndinasaina paukwati kuti ndidzamvera. Kafunse." Anakhalanso pachikwama. "Chabwino, tiyerekeze watumiza. Amatani? Amang'amba tsambalo mwakachetechete?"

"Ayi. Nkhaniyo imakhalabe pomwepo. Amangoidinda mawu ofiira pamwamba kuti yachotsedwa, n'kulemba chifukwa chake."

"Yachotsedwa koma ili pomwepo."

"Inde. Kuti amene anaiwerenga adziwe."

"Ndi dzina lako?"

"Ndi kanyenyezi komwe."

"Mpaka liti?"

"Mpaka kalekale."

"Iii. Ngakhale wakuba kumsika timamuiwala pakatha mwezi." Anaomba m'manja kamodzi. "Mvera mtengo wanga womaliza, ndipo sinditsikanso. Lachiwiri. Upite Lolemba, uvale jekete ija, uyankhe mafunso, akupatse ntchito. Lachiwiri m'mawa ndidzakupatsa chingwe ndi manja awiri. Tsiku labwino lobwezera katundu ndi Lachiwiri. Nkhani yakhala miyezi iwiri, masiku atatu aiwononga chiyani?"

"Miyezi iwiriyo sindinkadziwa. Masiku atatuwa ndikhala ndikudziwa. Ndipo Lolemba akandifunsa ngati ndikukhulupirira zimene ndinapeza, ndidzati ayi."

"Udzati inde."

"Ndidzati ayi, Amayi. Mumandidziwa."

Ankamudziwa. Uyu ndi mwana amene ali wamng'ono anauza alendo kuti Amayi ati palibe, koma ali kuseri kwa chitseko.

"Komanso," anapitiriza dokotala, "tsiku lililonse pangakhale dokotala wina amene wawerenga n'kuchepetsera wodwala wake mapiritsi."

"Ndipo wodwalayo akhala bwinobwino. Mwana iwe, ukudzinyoza chabe. Nkhaniyi ndi yoona. Mafayilo akowo ndiye akunama. Umboni ndili nawo."

"Umboni wanji?"

Amayi anadzimenya pachifuwa. Ili ndi khadi lomwe analisunga, monga amasungira mawu oti "pita ukaone kwa ena" kasitomala akavuta.

"Ine. Tsiku lomwe unandiwerengera, piritsi lachiwiri ndinalisiya. Miyezi iwiri, limodzi basi. Botolo la mwezi umodzi likundifikitsa iwiri. Ndafa?"

Dokotala anatseka laputopu yekha.

"Amayi. Ndinakuuzani kuti musasinthe kanthu musanafunse dokotala wanu."

"Dokotala wanga ndi mwana wa eni. Mwana wanga ali ndi kanyenyezi."

"Mutu wayamba liti?"

"Mutu ndi dzuwa la kumsika."

"Liti?"

"Mwezi watha. Ndi dzuwa."

"Benchi lanu lili pansi pa malata."

"Ndiye ndi malata."

Dokotala anatsegula chikwama chake, natulutsa makina opimira bipi. Nthawi ino sanapemphe. Anagwada, napinda mkono wa bulauzi, namanga lamba. Makina anayamba kufufuma. Amayi anayang'ana kudenga ngati nkhaniyo ndi ya munthu wina. Atatha, dokotala anawerenga nambala, namasula, napimanso mkono winawo. Kenako anavula magalasi.

"Zati bwanji?"

"Yakwera. Kwambiri."

"Tsitsako pang'ono."

"Makina satsitsa, Amayi."

"Ndi iwe wandikwiyitsa."

"Mkwiyo ungawonjezere pang'ono. Izi si za pang'ono. Botolo lili kuti?"

"M'kabati, kuseri kwa makapu a alendo."

Anabwera nalo, ndi madzi m'tambula. Amayi anameza piritsi lachiwiri osanenerera, zomwe sizinachitikepo m'nyumba imeneyo. Tambula inatsala m'manja mwawo. Anayang'ana makina. Anayang'ana botolo. Kenako maso anakwera pang'onopang'ono mpaka pafulemu.

"Ndiye mwezi wonsewu, usana wonse ndikuona mabeseni awiriawiri, ndikuti ndi ukalamba."

"Mukanandiuza."

"Ndikanagwa pabenchi."

"Zikanatheka."

"Pamaso pa mayi wa mapoto a aluminiyamu uja. Akanatenga makasitomala anga ndisanazizire." Anaika tambula pansi mwamphamvu. "Analemba zimenezi ndani?"

"Ine, Amayi."

"Anazisindikiza ndani? Osayang'ana?"

"Anayang'ana. Madokotala awiri anaiunika isanatuluke. Koma iwo amaona matebulo okha, mafayilo amakhala kwa ine. Amakhulupirira wolemba."

"Ndiye unaikapo chala."

"Sindinadziwe kuti pali mng'alu."

"Koma pano ukudziwa, ndipo wangokhala." Anadzuka pachikwama, natulutsa chingwe, nachilumikiza kukhoma okha, mbali inayo n'kumuponyera pamiyendo. "Beseni likudonthera m'nyumba mwanga, mwini wake ali phee akupukuta magalasi. Tsegula chinthucho."

"Nanga intavyu?"

"Akufuna mphunzitsi kapena wobisa ming'alu? Ukawauze wekha Lolemba, asanakufunse. Wolowa atanyamula poto yake yopindika amamukhulupirira pa mapoto enawo. Akakana, akane. Unakhala zaka zinayi, sunafe."

Dokotala anatsegula laputopu, namata matebulo ake. Chala chili pamwamba pa batani, anaima, chifukwa panali mfundo yomwe inali isanamveke bwino.

"Koma Amayi, munati katundu wogula sabwezedwa."

"Ndinanena ndili wogulitsa. Pano wogula ndine. Dina."

Anadina. Kalata inapita kwa zilembo ziwiri zija ndi kamphepo kakang'ono, ndipo ntchito ya Lolemba inatsala m'manja mwa anthu a Lolemba. Amayi anakwera okha pampando wa alendo, natsitsa fulemu, naigoneka chafufumimba patebulo.

"Ukabweretse chithunzi cha mlongo wako. Ukwati wake sunawawitse munthu mutu, kupatula mwamuna wake."

Dokotala sanasunthe. Anali akupinda lamba wa makina mosamala, ndipo nkhope yake inali ya munthu amene akuwerengabe.

"Amayi, munati msika wonse ukudziwa."

"Za kanyenyezi."

"Za piritsi limodzi munauzako ndani?"

Amayi anayamba kufunafuna chinachake m'chikwama.

"Munthu sangadye chabwino yekha."

"Angati?"

"Wa mazira. Wa nsalu. Awiri a kukwaya." Anawerenga zala, zala za dzanja limodzi zili pafupi kutha. "Wa makala ndi mkulu wake. Telala. Apongozi a mlongo wako. Ndi wa aluminiyamu uja, chifukwa anamvera pakhoma."

"Asanu ndi anayi. Onse anasiya lachiwiri?"

"Ine ndikalankhula anthu amamva."

"Ndiye muyenera kukawauza."

"Asanu. Anayi enawo amva kwa anzawo."

"Onse."

"Asanu ndi awiri. Wa aluminiyamu sitilankhulana, ndipo apongozi adzandiseka mpaka Khrisimasi."

"Onse asanu ndi anayi ankamwa awiri."

"Bwanji ine ndekha? Wa mazira nayenso anafalitsa. Pakamwa pake mpa wailesi."

"Akakhala ndi funso la nkhaniyi, amafunsa ndani?"

"Ine."

"Akadwala, adzadandaula kwa ndani?"

Amayi anadziloza pachifuwa pang'onopang'ono.

"Ndiye mfundo yachinayi mwaikwanitsa," anatero dokotala, ndipo sankaseka, ankangofotokoza. "Kumsika kanyenyezi ndi kanu."

"Pamwamba penipeni."

"Dzina loyamba."

"Chimene ndinkalirira."

"Inde."

Amayi anamangitsa mpango kumutu, nakoleka chikwama paphewa. Anaima pachitseko akuyeseza pansipansi mmene akalowere kwa apongozi, ndipo nkhope inali ngati ya munthu womwa mankhwala owawa. Dokotala anawamvera chisoni.

"Ndikuperekezani ndi makinawa, ndikawapime onse. Koma ngati mukufuna tsiku lina, munati labwino lobwezera katundu ndi Lachiwiri."

Amayi anatembenuka, namuyang'ana monga amayang'anira munthu wopereka theka la mtengo.

"Anthu akumwa piritsi limodzi, iwe ukuti Lachiwiri? Unaleredwa ndi ndani iwe?"